Gawo la Hana: kodi mlongo wathu adye chiyani?

Kuwerenga: 1 Samueli 1:1-18

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochokera pa Zalewa kupita ku chipata cha Mwanza m'nyengo yozizira akudziwa mmene dera limeneli limaonekera. Manachesi amakhala ali mbwee m'madengu ndi m'mabeseni, ndipo minibasi ikangoima amayi amathamangira ku mawindo, aliyense kuitanira malonda ake. Mmodzi mwa amayi amenewa ndiye watichititsa kulemba lero. Dzina lake ndi mudzi wake tizisunga mumtima.

Mlongo wathuyu wakhala pa banja zaka 6 wopanda mphatso. Kumwezi amapita mwa apo ndi apo, chaka china anangopitako katatu. Thupi linakula mofulumira atangolowa m'banja, kumaso kunatuluka ziphuphu ngati za mtsikana wongotha msinkhu, ndipo pachibwano panayamba kumera ndevu zimene amazizula mobisa anthu asanadzuke. Anayenda kwa asing'anga awiri. Kenaka anapita kwa mlaliki wina amene anamulamula kusala kudya masiku 21, ndipo atabwerako ali lefu anagula tiyi wina wa m'mapaketi amene ankati amatsuka chiberekero, pa mtengo wa madengu angapo a manachesi. Potsiriza dokotala wina ku Blantyre anamuyeza magazi, namujambula m'mimba, namuuza kuti vuto lake lili ndi dzina: polycystic ovary syndrome, mwachidule PCOS. Anamupatsa mankhwala, namuuzanso kuti asinthe kadyedwe.

Funso limene anatifunsa titacheza naye pakhonde linali lalifupi: "Abusa, akuti ndisinthe zakudya. Nanga ndidye chiyani, poti kwathu kuno kudya ndi nsima?"

Tivomere kuti tsiku limenelo tinangopemphera naye ndi kutsanzika. Ku sukulu ya ubusa tinaphunzira Chigiriki ndi mbiri ya mpingo, koma za mazira a mayi ndi mitanda ya nsima panalibe amene anatiphunzitsa. Tinachoka ndi manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene anatituma kukafunsa kwa odziwa ndi kukawerenga.

Tisanafike pa zimene tinapeza, tiyambe ndi Hana. Chaka ndi chaka Elikana ankapita ndi banja lake ku Silo kukapereka nsembe, ndipo pa nthawi ya chakudya ankagawira aliyense gawo lake. Pa mphasa pomwepo ndi pamene Penina, mkazi mnzake wa Hana, ankamutonza chifukwa chosabereka, mpaka Hana ankalira ndi kukana kudya. Onani kuti chisoni cha mayi ameneyu chinaonekera pa mbale. Onaninso zimene anachita wansembe Eli: anaona milomo ikugwedera popanda mawu, nathamangira kuweruza kuti mayiyo waledzera. Munthu wa Mulungu anayang'ana kunja, naphonya. Ife abusa a lero sitiyenera kuwerenga ndime imeneyi mopepuka, pakuti nafenso taona mayi wonenepa wopanda mwana nkuganiza kuti ndi waulesi kapena wosusuka, taona wandevu nkumvera manong'onong'o a ufiti, taona wosapita kumwezi nkumufunsa ngati pali tchimo limene sanalape. Sitikunena kuti Hana ankadwala nthenda imene tikukambayi. Malembo sanena choncho. Koma Malembo satchulanso tchimo lililonse la Hana. Ndipo nkhaniyo ikutiuza kuti atamvedwa ndi kudalitsidwa, Hana anapita nakadya, nkhope yake nisinthika, pamene mwana anali asanaoneke nkomwe.

Tsono nthenda imeneyi ndi yotani? Si yachilendo monga likumvekera dzina lake. Madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, anaifotokoza mu 1935 ataona amayi 7 amene anali ndi zizindikiro zofanana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 10 a msinkhu wobereka ali nayo, ndipo ambiri mwa iwo, mwina kufika 7 mwa 10, sanayezedwepo ndi kuuzidwa. Tikaganiza za amayi amene amadzaza mabenchi a tchalitchi Lamulungu kwa Kanduku, kwa Nthache kapena kwa Govati, tidziwe kuti mlongo wathu uja sali yekha.

Muzu wake mwa amayi ambiri uli pa shuga wa m'magazi. Tikadya nsima, mpunga, buledi, chinangwa kapena mbatata, thupi limasandutsa zakudyazo kukhala shuga amene amalowa m'magazi. Kuti shugayo achoke m'magazi ndi kulowa m'minofu, kumene amakapatsa munthu mphamvu, pamafunika chinthu china chimene thupi limapanga, chotchedwa insulini. Mwa amayi ambiri a PCOS minofu siimvera insulini mokwanira, kotero thupi limakakamizika kumupanga wochuluka kuposa muyeso. Insulini wochulukayo amasonkhezera mabasiketi a mazira kupanga mahomoni achimuna ambiri. Mkazi aliyense ali nawo mahomoni amenewa pang'ono, koma akachuluka ndevu zimamera, ziphuphu zimatuluka, tsitsi la pamutu limayamba kupyapyala, ndipo dzira limalephera kukhwima ndi kutuluka pa nthawi yake. Timatumba timene timaoneka pojambula si zotupa za khansa ayi. Ndi mazira amene anayamba kukula naima panjira. Ena amadanso khungu la m'khosi ndi m'khwapa, ndipo anzawo amawaseka kuti sasamba, pamene chimenecho ndi chizindikiro cha insulini wochuluka. Nthendayi imayenda m'magazi a pamtundu, ndipo imagwira ngakhale amayi ochepa thupi. Palibe amene anaiitana ndi khalidwe lake.

Apa ndi pamene chakudya chikulowera. Mu 2018 akatswiri a m'mayiko ambiri, motsogozedwa ndi yunivesite ya Monash ya ku Australia, anatulutsa ndondomeko ya kasamalidwe ka nthendayi, ndipo anaikonzanso mu 2023. Atasanthula kafukufuku amene analipo, anapeza kuti palibe mtundu umodzi wa kadyedwe umene ukuposa ina yonse pa nthenda imeneyi. Chimene chimathandiza ndi kudya zakudya za magulu onse mwa muyeso, ndi kupitiriza kutero kwa moyo wonse. Mawu amenewa ndi omasula. Akutanthauza kuti mayi wa ku Thambani sayenera kusirira zakudya za m'mabotolo zochokera ku Johannesburg, kapena kukhulupirira aliyense amene akulengeza pa Facebook kuti ali ndi mndandanda wachinsinsi wa zoyenera kudya.

Ndipo ogulitsa zozizwitsa sanayambe lero. Pa Genesis 30 tikuwerenga za Rakele, amenenso anali wosabereka, akupempha zipatso zina zakutchire zimene Rubeni anatola m'nyengo yokolola tirigu, zipatso zimene anthu akale ankakhulupirira kuti zimathandiza pa nkhani ya kubereka. Anazigula pa mtengo wowawa, posinthanitsa ndi usiku wa mwamuna wake, koma amene anatenga pathupi nthawi imeneyo anali Leya. Mayi wosweka mtima amagula chilichonse, ndipo amalonda amadziwa zimenezo. Tiyi wa m'mapaketi uja anangotsuka chikwama cha mlongo wathu.

Tibwere ku nsima, poti funso linagona pamenepo. Ambiri tikamva za shuga timathamangira kunena kuti siyani ufa woyera, idyani mgaiwa, basi mwachira. Mgaiwa uli ndi ubwino wake ndithu: gaga ndi mtima wa chimanga zimatsalamo, ndipo mmenemo muli zofunika m'thupi zimene timataya pokonola. Koma akatswiri a zakudya a ku Bunda anayesa nsima za mitundu itatu pa anthu 11, ndipo zimene anasindikiza mu 2016 zinadabwitsa ambiri. Nsima ya gramilu ndiyo inakweza shuga wa m'magazi kuposa zonse, ya mgaiwa inatsatira pafupi, ndipo ya ufa wa mphale yoviika m'madzi ndiyo inakweza pang'ono poyerekeza ndi zinzake. Anthu 11 ndi ochepa, ndipo sitikuti wina ataye mgaiwa wake chifukwa cha zimenezi. Phunziro lake ndi lakuti nsima ndi nsima. Mayi amene wasintha mtundu wa ufa koma akudyabe mitanda inayi ndi kandiwo kongonyambita sanasinthe kanthu.

Chofunika kusintha ndi kukula kwa magawo pa mbale. Kwathu kuno nsima ndiyo mfumu, ndiwo ndi kapolo wongoperekeza. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa odwala shuga kutembenuza dongosolo limeneli, ndipo uphungu womwewo ukuyenera mayi wa PCOS: theka la mbale likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nsomba, mazira kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo ndilo la nsima, kapena mbatata, kapena chinangwa, chimodzi mwa izi pa nthawi imodzi. Masamba ndi zanyemba zimachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi ndipo zimakhalitsa m'mimba, kotero njala siibwera msanga.

Kodi masambawo ndi a kusitolo? Ayi. Ndi nkhwani, khwanya, kholowa, chigwada, mpiru, therere, ndi bonongwe, chisoso ndi luni zimene timazipalira ngati udzu m'munda mwa chimanga. Ndi mfutso umene agogo athu ankasunga m'zikwatu kuti chilimwe chisawapeze opanda ndiwo. Kuthira nsinjiro ndi kwabwino kuposa kusambitsa ndiwo m'mafuta. Usipa ndi matemba ndi ndiwo zolemekezeka pamaso pa dokotala ngakhale zimanyozeka pamaso pa alendo. Ndipo pali nandolo. Boma la Mwanza limalima nandolo wambiri, koma matumba ake ambiri amakwera magalimoto a ogula, ena mpaka kukafika ku India, kumene anthu amamudya tsiku ndi tsiku. Ife timagulitsa nandolo, nkugula shuga, buledi woyera ndi zakumwa zotsekemera. Timagulitsa dengu la manachesi kuti tigulire mlendo botolo la chakumwa chokhala ndi fungo la lalanje. Tikadakhala kuti tikusimba za mtundu wina wa anthu, bwenzi tikuseka.

Chipatso chidyedwe chathunthu, ndi nsanza zake zam'kati zomwe, mmalo mochifinya ndi kuthiramo shuga. Nachesi mmodzi kapena awiri, gwafa, papaya pang'ono, peyala, masuku m'nyengo yake, zonsezi ndi zabwino. Zimene mayi wa PCOS ayenera kuchepetsa kwambiri ndi shuga wakumwa, chifukwa amalowa m'magazi mwaliwiro ndipo sakhutitsa: tiyi wa masupuni anayi, zoziziritsa kukhosi, thobwa lothira shuga wambiri. Pambuyo pake pakubwera mandasi, masikono ndi tchipisi cha pachiwaya, zimene mayi wogulitsa malonda pa boma kapena pa chipata amadya chifukwa ndizo zili pafupi ndipo nthawi yophika alibe. Sitikumuweruza. Tikungoti chimanga chophika, mtedza wokazinga kapena dzira lowiritsa zimapezekanso pa msika womwewo.

Kwa mayi amene thupi linakula kupitirira muyeso, akatswiri akuti kutsitsa pang'ono chabe, magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwake, kumatha kubwezeretsa msambo m'dongosolo ndi kuthandiza dzira kukhwima. Mayi wa makilogalamu 80 akufunika kutaya makilogalamu 4 mpaka 8, pang'onopang'ono, pa miyezi ingapo. Kugwiritsa ntchito thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata kumathandiza minofu kumvera insulini, ngakhale sikelo isasunthe. Mayi wa kumudzi amene amagwira khasu ndi kusenza ndowa kuchokera ku mjigo amakwanitsa kale zimenezi. Wokhala pa mpando m'golosale kapena mu ofesi tsiku lonse ndiye ayenera kuzifunafuna. Wochepa thupi kale asadzivutitse ndi kuonda, angosamala kadyedwe. Ndipo kudzikhaulitsa ndi njala masiku ambiri kenaka nkudya mobwezera sikuchiza kanthu. Kusala kudya kuli ndi malo ake m'moyo wa Mkhristu, koma si mankhwala a mazira, ndipo mtumiki amene akulamula mayi wodwala kuti asale masabata atatu adziwe kuti akusewera ndi moyo umene sanaulenge.

Tsopano tifike pa mfundo imene yatilemera kwambiri. Uphungu wonsewu dokotala amaupereka kwa mayi yekha, m'kachipinda, chitseko chili chotseka. Koma mayi wa ku Mwanza sadya yekha. Mphika ndi umodzi, ndipo amene amasankha zolowa mumphikamo nthawi zambiri si amene amautereka pamoto. Bambo ndiye amanena ngati nandolo agulitsidwe yense kapena thumba limodzi litsale. Bambo ndiye amakwiya akaona masamba masiku atatu otsatizana. Mazira ndi chiwalo chabwino cha nkhuku zimapita m'mbale ya bambo, mayi nkutsala ndi msuzi ndi nsima yambiri yoti atsekere njala. Apongozi akaona mitanda yachepa amati mkaziyu ndi womana. Ndipo mayiyo akayamba kutsika thupi, mudzi umayamba kuloza zala kuti mwina ndi matenda aja, kapena kuti mwamuna wake sakumusamala, pakuti kwathu kuno kunenepa timakuyesa umboni wa banja la mtendere. Kumuuza mayi wotere kuti asinthe kadyedwe popanda kulankhula ndi a pabanja pake kuli ngati kumutuma kukatunga madzi ndi dengu.

Elikana, ngakhale anali ndi zofooka zake, anaona kuti mkazi wake sakudya, ndipo anafunsa chifukwa chake. Anamupatsanso gawo lapadera pa chakudya, poyera, Penina akuona. Abambo a mumpingo, gawo lapadera la masiku ano si nyama yonona. Ndi kusiya thumba la nandolo ndi la mtedza m'nyumba pamene ogula afika ndi sikelo zawo. Ndi kulima kadimba ka masamba m'mbali mwa mtsinje kapena kuseri kwa bafa. Ndi kudya mbale yofanana ndi ya akazi anu popanda kung'ung'udza, ndi kuwayankha amayi anu mwaulemu kuti m'nyumba muno tasankha kudya chotere. Simutayapo kanthu, chifukwa mbale imeneyi ndi yomweyo imene imateteza inunso ku matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndiponso pitani nawo kuchipatala mukayezedwe. Kusowa kwa mphatso m'banja nthawi zambiri kumachokeranso kwa mwamuna, ndipo si chilungamo kuti mayi amwe mankhwala zaka ndi zaka pamene bambo sanayezedwepo ndi kamodzi komwe.

Mpingo nawo uli ndi mlandu wake. Taonani zimene timaika pa tebulo pa misonkhano yathu, pa zinkhoswe ndi pa maukwati: mpunga wodzaza mbale, tchipisi pambali, botolo la chakumwa, ndi kabichi wongokongoletsa. Abusa tikayendera nkhosa timalandiridwa ndi tiyi wotsekemera ngati uchi, ndipo timamwa makapu atatu pa nyumba zitatu tisanafike masana. Matupi athu ena akuchitira umboni. Mayi amene akuyesetsa kusamala akakana botolo, timamunena kuti ndi wonyada. Sipangafunike msonkhano wa sinodi kuti shuga aziikidwa padera aliyense adzithirire yekha, kapena kuti pa tebulo pazikhala madzi akumwa ndi dengu la zipatso za m'dera lomwelo. Ankhoswe ndi alangizi a mabanja nawonso aphunzire dzina la nthendayi, kuti banja likabwera ndi dandaulo la kusowa mwana, uphungu woyamba ukhale wopita kuchipatala onse awiri, asanayambe kukamba zothetsa ukwati.

Tikudziwa kuti pali miyezi, makamaka Januwale ndi Febuluwale, pamene mabanja ambiri sasankha chakudya. Amadya chimene chapezeka. Mayi wa m'nyumba yotere asasenzetsedwe mtolo wina wa kudziimba mlandu. Chotonthoza nchakuti miyezi yomweyo ndi imene masamba amamera okha paliponse.

Tichenjezenso kuti chakudya pachokha sichichotsa nthendayi, ndipo sichilowa m'malo mwa chipatala. PCOS ilibe mankhwala oithetseratu, koma imasamalika. Alipo mankhwala monga metformin amene amathandiza thupi kumvera insulini, mapiritsi oika msambo m'dongosolo kwa amene sakufuna pathupi pakali pano, ndi ena monga letrozole ndi clomiphene othandiza dzira kukhwima kwa amene akufuna mwana. Onsewa ndi oyenera kulembedwa ndi dokotala, osati kugulidwa pa msika. Amayi ambiri a nthendayi amabereka, ena popanda thandizo, ena atathandizidwa. Mayi amene watha miyezi yoposa itatu osapita kumwezi, pamene sali woyembekezera, sakuyamwitsa ndipo sakugwiritsa ntchito njira yolera imene imaimitsa msambo, asakhale pansi, chifukwa chiberekero chikakhala nthawi yaitali chotero chimatha kudzayamba mavuto aakulu m'tsogolo. Ayambire pa chipatala chapafupi, kaya ndi ku Thambani, ku Kunenekude kapena ku Tulonkhondo, ndipo akatumizidwa ku chipatala cha boma pa Mwanza kapena ku Gulupu ku Blantyre, apite. Aziyezetsanso shuga ndi kuthamanga kwa magazi nthawi ndi nthawi, makamaka akatenga pathupi, pakuti amayi amenewa shuga amawapeza msanga kuposa anzawo.

Tinabwererako kwa mlongo wathu uja, ulendo uno titapempha kuti bambo a m'nyumbamo akhalepo. Anamvetsera atazolika, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti kodi iwonso azidya mitanda iwiri yokha. Tinawayankha kuti munthu wolima tsiku lonse akhoza kuwonjezera wachitatu, koma masamba ndi nandolo zikhale zofanana. Anaseka, navomera. Za kukayezetsa anati aganizire kaye, ndipo zinawatengera miyezi iwiri kuti apite.

Pamene tinadutsako komaliza, mphatso inali isanabwere. Mayiyo anatiuza motsitsa mawu kuti wapita kumwezi miyezi inayi motsatizana, chinthu chimene sichinachitikepo chilowereni m'banja. Apongozi ake akudandaulabe kuti nsima ya pakhomopo yachepa. Kuseri kwa nyumba kuli kadimba ka mpiru ndi bonongwe kotchingidwa ndi mapesi kuopa mbuzi, ndipo pakona pa chipinda chochezera tinaona thumba la nandolo limene silinapite kwa ogula. Anatiphikira tiyi, shuga naika padera m'kambale.